Pulagi ya nayiloni imalimba malinga ndi khoma lomwe yalowamo

Lilongwe: Pomwe ntchito zomanga midadada ya sukulu, zipatala, nyumba za aphunzitsi ndi maofesi a boma zikupitirira m'madera a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, maso a akuluakulu oyendera ntchitozi nthawi zambiri amakhala pa maziko, makoma ndi denga. Ndi ochepa omwe amafunsa za kapulasitiki kotalika ngati chala cha mwana komwe kamabisika m'khoma, chonsecho ndi komwe kamanyamula mashelefu a mankhwala, mabokosi a magetsi, zozimitsira moto komanso mabolodi omatapo zidziwitso.

Kapulasitiki kameneka ndi pulagi ya pakhoma. Amisiri ambiri amaitchula ndi maina a makampani omwe adaitchukitsa, Fischer kapena Rawlplug. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi thumba la simenti kapena lata, koma ikasankhidwa molakwika katundu yemwe adagulidwa ndi ndalama za misonkho amagwa n'kuonongeka, ndipo nthawi zina amagwera mwana wasukulu, wodwala kapena wogwira ntchito.

Mfundo yomwe aliyense wovomereza ntchito yomanga ayenera kuisunga ndi yakuti pulagi payokha ilibe mphamvu. Imagwira malinga ndi kulimba kwa khoma lomwe yalowamo, ndipo idapangidwira katundu wopepuka basi. Popeza makoma a m'madera a Namitete, Mpingu, Nsaru ndi Kabudula ndi a mitundu yosiyanasiyana, pulagi yomwe yagwira bwino pa nyumba ina ikhoza kuzuka mosavuta pa nyumba yoyandikana nayo.

Chiyambi cha mapulagi

Sikuluwu imaluma bwino m'thabwa chifukwa mano ake amadzisemera njira mu mtengo. M'njerwa kapena m'konkire sizitero: mano aja amangopera khomalo kukhala fumbi ndipo sikuluwu imazungulira osagwira kanthu. N'chifukwa chake amisiri akale ankasema bowo m'khoma ndi chizulo, n'kukhomeramo chikhomo cha mtengo, kenako n'kulowetsa msomali kapena sikuluwu m'chikhomocho.

Njira imeneyi ikadalipo m'midzi yambiri, koma ili ndi zovuta ziwiri. Choyamba, mtengo umafufuma m'nyengo ya mvula n'kunyala m'chilimwe, kotero pakapita zaka zingapo chikhomo chimayamba kugwedera. Chachiwiri, chiswe chikachipeza chimachidya mkati momwe popanda wina kuzindikira.

M'chaka cha 1911, mmisiri wa ku London, John Joseph Rawlings, adalembetsa luso la pulagi yopangidwa ndi ulusi wa mtundu wopangira ziguduli womatidwa ndi guluu, ndipo dzina lakuti Rawlplug lidachokera pa dzina lake. Nayiloni adapangidwa koyamba m'chaka cha 1935 ndi Wallace Carothers pa kampani ya DuPont ku America. M'chaka cha 1958, Artur Fischer wa ku Germany adapanga pulagi ya nayiloni yokhala ndi mano m'mbali ndi timapiko tiwiri toletsa kuti isazungulire m'bowo. Mapulagi ambiri omwe akugulitsidwa m'mashopu a zipangizo zomangira lero amatengera kapangidwe kameneka.

Momwe pulagi imagwirira

Pulagi ndi kachubu kong'ambika chakutsogolo, ndipo njira ya mkati mwake ndi yopapatiza kuposa sikuluwu. Sikuluwu ikamalowa imakankha mbali za pulagiyo kuti zitukumuke n'kukanikiza m'mphepete mwa bowo. Kukanikiza kumeneko ndi komwe kumaletsa sikuluwu kuzuka. Izi zikutanthauza kuti pafunika zinthu zitatu nthawi imodzi: bowo la muyezo wofanana ndi pulagi, sikuluwu yonenepa mokwanira kutukumula pulagiyo, ndi khoma lolimba lotha kupirira kukanikizako popanda kuyoyoka kapena kung'aluka. Chimodzi mwa izi chikasowa, zina ziwirizo sizithandiza.

Mitundu yodziwika ya mapulagi opepuka ndi itatu. Pali pulagi wamba yotukumuka, yoyenera konkire ndi njerwa zolimba zopanda mphako. Pali ina yomwe opanga amati ndi ya makoma onse, yomwe m'khoma lolimba imatukumuka ngati inzake, koma ikafika pamphako imadzikulunga n'kupanga mfundo kuseri kwa chikamba cha buloko. Yachitatu ndi yokhomera, yomwe imabwera ndi msomali wake wa mano ndipo imamenyedwa ndi hamala. Imeneyi imafulumiza ntchito yomangirira mapaipi a mawaya a magetsi ndi timatabwa topepuka.

Nambala yolembedwa pa pulagi imasonyeza kukula kwa bowo m'mamilimita. Pa mapulagi wamba a mtundu wa Fischer, ya nambala 6 ndi yotalika mamilimita 30 ndipo imafuna sikuluwu yonenepa mamilimita 4 mpaka 5. Ya nambala 8 ndi yotalika mamilimita 40 ndipo imafuna sikuluwu ya mamilimita 4.5 mpaka 6. Ya nambala 10 ndi yotalika mamilimita 50 ndipo imafuna ya mamilimita 6 mpaka 8. Mapulagi otsatira kachitidwe ka ku Britain amasiyanitsidwa ndi mitundu: achikasu ndi aang'ono kwambiri, kenako ofiira, abulauni, ndipo abuluu ndiwo aakulu. Si makampani onse omwe amatsata mitundu imeneyi, choncho chodalirika ndi muyezo wolembedwa pa paketi.

Makoma a m'derali

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti boma la Lilongwe, kupatula mzinda, linali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni. Nyumba zotumikira anthu amenewa zidamangidwa pa nthawi zosiyanasiyana ndi anthu osiyanasiyana. Pali nyumba zakale za mishoni m'malo ngati Namitete, komwe chipatala cha St Gabriel's chidayamba m'chaka cha 1959. Pali midadada ya sukulu yomwe idamangidwa mwachangu maphunziro a pulayimale aulere atayamba m'chaka cha 1994, yambiri mwa iyo ndi njerwa zoumbidwa ndi makolo. Palinso nyumba zatsopano zomangidwa kudzera m'makhonsolo ndi m'thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lomwe lidayamba m'chaka cha 2006.

Mtundu woyamba wa khoma, womwe ndi wofala kwambiri, ndi wa njerwa zootcha pa uvuni wa nkhuni. Njerwa za mu uvuni umodzi sizipsa mofanana. Za pafupi ndi moto zimalimba mpaka kulira ngati chitsulo zikagogodedwa, pomwe za m'mphepete zimatuluka zosapsa bwino ndipo zimayoyoka. Pulagi wamba imagwira bwino m'njerwa yopsa, koma m'njerwa yosapsa bowo limakula pobowola ndipo pulagi imangolowa mopanda kukana. Pansi pa pulasitala palibe yemwe angaone kuti njerwa yabwino ili pati. Mmisiri amazindikira ndi momwe makina akulowera komanso ndi fumbi lomwe likutuluka.

Mtundu wachiwiri ndi wa mabuloko a simenti. M'chaka cha 2018 boma lidakhazikitsa malamulo, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, oletsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Kuyambira pamenepo nyumba zambiri zatsopano za boma zakhala zikumangidwa ndi mabuloko, omwe ambiri ndi amphako. Chikamba cha buloko lotere ndi chochindikala masentimita awiri kapena atatu okha, ndipo kuseri kwake kuli mphako. Pulagi wamba ikalowa pamenepo, mbali yake yotukumuka imakafutukukira m'mphako momwe mulibe choti ikanikize. Mmisiri yemwe adazolowera njerwa zootcha akapitiriza ndi pulagi yomweyo pa mabuloko, ntchito imaoneka yabwino tsiku loyamba koma imayamba kugwedera pakapita miyezi. Pa makoma otere pamafunika pulagi yopanga mfundo ija, kapena kulunjika pomwe buloko lili ndi nthiti yolimba.

Mtundu wachitatu ndi wa njerwa za dothi losakaniza ndi simenti zotsindiridwa ndi makina, zomwe siziotchedwa. Kulimba kwake kumadalira kuchuluka kwa simenti, mtundu wa dothi ndi momwe zidasamalidwira pouma. Zopangidwa bwino zimagwira pulagi ya katundu wopepuka, makamaka ikakhala yayitali, koma m'mphepete mwake mumabenthuka msanga.

Mtundu wachinayi ndi wa zidina, kapena njerwa zootcha zomangidwa ndi matope m'malo mwa simenti. Makoma otere amapezeka pa nyumba zina za aphunzitsi, makhitchini ndi timaofesi tomangidwa ndi anthu a m'mudzi. M'chidina pulagi ya nayiloni siigwira chifukwa dothi limangophwanyika ikatukumuka. Pakhoma lomangidwa ndi matope, pulagi ikhoza kugwira m'njerwa koma njerwayo n'kusuntha yonse ikakokedwa ndi katundu wolemera.

Konkire wa m'mabimu ndi pamwamba pa zitseko ndi mawindo ndiye amagwira pulagi kuposa makoma onsewa, ngakhale kuti pobowola pamafunika kusamala kuti zitsulo za mkati mwake zisadulidwe.

Kulemera kwa katundu

Makampani odalirika amasindikiza matebulo osonyeza kulemera komwe pulagi iliyonse ingapirire m'khoma la mtundu uliwonse. Manambalawo nthawi zambiri amalembedwa mu muyezo wa kN, ndipo 1 kN ndi pafupifupi makilogalamu 100. Matebulowa amasonyeza kuti pulagi yaing'ono yomwe ingapirire makilogalamu makumi angapo m'konkire wolimba ikhoza kulephera kufika makilogalamu 10 m'buloko lofewa. Chofunika kukumbukira n'chakuti miyezo imeneyi imatengedwa pa njerwa za m'fakitale zomwe mphamvu yake imadziwika, osati pa njerwa zoumbidwa kudambo. Choncho pa makoma a kumudzi ndi bwino kuyembekezera mphamvu yocheperapo kusiyana ndi yolembedwa.

Anthu ogwira ntchito m'maofesi amapeputsa kulemera kwa mapepala. Paketi imodzi ya mapepala 500 a A4 imalemera pafupifupi makilogalamu 2.5, kutanthauza kuti mapaketi 20 ndi ofanana ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50. Mafailo, mabuku a kaundula ndi mabuku a ophunzira amalemera chimodzimodzi. Madzi nawo, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, kotero katoni ya mabotolo a madzi a m'mitsempha m'chipinda chosungira mankhwala si katundu wopepuka. Chozimitsira moto cholembedwa makilogalamu 9 chimalemera kuposa pamenepo chifukwa nambalayo ndi ya ufa wa mkati, osawerengera botolo lachitsulo.

Mbali yomwe katundu akukokera ndi yofunikanso. Chinthu chophwatalala monga wotchi, chithunzi kapena bolodi la zidziwitso chimakokera sikuluwu pansi motsatira khoma, ndipo pulagi imapirira bwino kukoka kotere. Shelefu ndi yosiyana chifukwa imatuluka kunja kwa khoma ndipo imakoka sikuluwu ya pamwamba ngati momwe hamala imazulira msomali. Mwachitsanzo, pa shelefu ya zitsulo ziwiri zochirikiza, zomwe sikuluwu ya pamwamba ili masentimita 15 kuchokera kunsi kwa chitsulo, katundu wa makilogalamu 30 woikidwa masentimita 15 kuchokera kukhoma amakoka sikuluwu ya pamwamba iliyonse ndi mphamvu ya makilogalamu 15. Katundu yemweyo akasunthidwa kufika masentimita 30, kukokako kumawirikiza kawiri. Ichi n'chifukwa chake shelefu yotambalala imagwa msanga kuposa yopapatiza.

Pulasitiki alinso ndi khalidwe lakuti akakhala pansi pa katundu wolemera kwa nthawi yaitali amafooka pang'onopang'ono. Kugwedezeka kobwerezabwereza, monga kwa chitseko chomenyetsedwa tsiku ndi tsiku kapena chinthu chomwe ana amalendewerako, kumakuza bowo. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani imeneyi zikutanthauza kuti katundu asadalire pulagi imodzi. Ngakhale ku Ulaya, malamulo oyesera mapulagi apulasitiki amawavomereza pa zinthu zomangiriridwa malo angapo zomwe sizinyamula nyumba, kuti imodzi ikalephera zinzake zigwire.

Kabooledwe koyenera

Mapulagi ambiri amalephera chifukwa cha kabooledwe, osati chifukwa cha pulagiyo. Kachitsulo koboolera, komwe amisiri amati biti, kayenera kukhala ka makoma ndipo ka muyezo wofanana ndi nambala ya pulagi. Biti yopindika kapena yakutha imaboola bowo losalongosoka. Bowo likhale lolunjika ndipo lizame pafupifupi sentimita imodzi kuposa kutalika kwa pulagi, kuti nsonga ya sikuluwu ipeze malo.

Makina oboolera ambiri ali ndi kabatani kochititsa kuti azimenya uku akuzungulira. Kumenyako n'kofunika pa konkire ndi njerwa zolimba kwambiri, koma pa mabuloko amphako ndi njerwa zofewa kayenera kuzimitsidwa, chifukwa kumenya kumagumula chikamba chakuseri n'kusiya pochepa pogwira. Fumbi lonse lichotsedwe m'bowo musanalowe pulagi, popeza fumbi limachititsa kuti pulagi iziterereka. Fumbi la njerwa ndi konkire limaononga mapapo ndi maso, kotero wobowola avale zotchinga pamphuno ndi m'maso.

Bowo liyenera kulunjika pakati pa njerwa, osati pa mzere wa matope omangira, womwe nthawi zambiri ndiwo malo ofooka pakhoma. Lisayandikire kwambiri m'mphepete mwa khoma, pangodya kapena pafupi ndi felemu. Mtunda wa masentimita 5 kapena kuposa umachepetsa kubenthuka. Mabowo awiri akayandikana kwambiri, njerwa imang'aluka pakati pawo.

Pulasitala sawerengedwa ngati khoma. Makoma ambiri ali ndi pulasitala wochindikala sentimita imodzi ndi theka kapena kuposa, ndipo pulagi ya mamilimita 30 ikangolowa mongofanana ndi pamwamba pake, theka lake limakhala mu pulasitala yemwe sagwira kanthu. Pulagi iyenera kukankhidwa kupyola pulasitala, kapena pagwiritsidwe ntchito yayitali. Kutalika kwa sikuluwu kumapezeka powonkhetsa kuchindikala kwa chinthu chomangiriridwacho, kwa pulasitala, kutalika kwa pulagi ndi kunenepa kwa sikuluwuyo. Thabwa la mamilimita 20, pulasitala wa mamilimita 15, pulagi ya mamilimita 40 ndi sikuluwu yonenepa mamilimita 5 zimafuna sikuluwu yotalika mamilimita 80. Sikuluwu yaifupi siifika kunsonga komwe pulagi imatukumukira.

Pulagi yoyenera imalowa pogogoda pang'ono ndi hamala. Ikalowa pongokankha ndi chala ndiye kuti bowo lakula. Chizolowezi chodzazira bowo lotere ndi timitengo ta machesi, mapepala kapena zidutswa za waya chimangobisa vutolo. Choyenera ndi kugwiritsa ntchito pulagi yokulirapo kapena kuboola malo ena n'kumata bowo loyambalo. Pomanga sikuluwu, mmisiri amamva ikulimba pang'onopang'ono mpaka kuima. Ikamangozungulira osalimba, pulagiyo siidagwire.

Pomwe magetsi afika kudzera m'ndondomeko ya Marep kapena m'mapologalamu ena olumikiza magetsi kumidzi, pali chiopsezo china. Mawaya obisika m'khoma nthawi zambiri amayenda molunjika kukwera, kutsika kapena chopingasa kuchokera pa soketi ndi pa switchi, choncho malo amenewa sayenera kubooledwa. Chimodzimodzinso pamwamba ndi pansi pa mipopi ya madzi. Ntchito yomangirira mabokosi a magetsi iyenera kugwiridwa ndi mmisiri wovomerezeka ndi bungwe la Mera.

Malo omwe pulagi ya nayiloni siyenera

Pali ntchito zomwe pulagi yopepuka siyenera kugwiritsidwa ntchito ngakhale khoma litalimba chotani. Izi ndi monga kumangirira mitengo ya denga, thanki ya madzi, chotenthetsera madzi, fani ya kudenga, makina a magetsi a dzuwa a padenga, zitsulo zotchinga akuba m'mawindo, komanso zogwirira za odwala, amayi oyembekezera ndi anthu olumala m'zimbudzi ndi m'makonde. Chotenthetsera madzi cha malita 100 chimasunga makilogalamu 100 a madzi, osawerengera kulemera kwake komwe. Chogwirira cha m'chimbudzi chimalandira thupi lonse la munthu mwadzidzidzi, panthawi yomwe iye waterereka. Komanso moto ukabuka nayiloni amafewa n'kusungunuka, kotero chilichonse cholendewera pamwamba pa anthu kapena pa njira yothawira sichiyenera kudalira pulasitiki yekha.

Pa ntchito zoterezi njira zilipo. M'konkire ndi m'njerwa zolimba mumalowa mabawuti achitsulo otukumuka. M'mabuloko amphako mumagwiritsidwa ntchito mabawuti omatidwa ndi mankhwala ouma ngati mwala, pamodzi ndi kasefa koletsa mankhwalawo kutayikira m'mphako. Pakhoma lofooka, bawuti yopyoza khoma lonse yokhala ndi chitsulo chophwatalala kuseri imagawa kulemera pa malo aakulu. Pakhoma la zidina, chanzeru ndi kupanga mashelefu ndi makabati a miyendo yofika pansi, kuti khoma lingoletsa kupendekeka.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi kuganizira izi nyumba ikadamangidwa. Malo omwe padzakhale sinki, bokosi la magetsi kapena mashelefu akadziwika msanga, mphako za mabuloko a pamenepo zimadzazidwa ndi konkire. Mafelemu ndi zitsulo za m'mawindo zimamangidwira m'khoma ndi timiyendo take. Denga limamangidwa ndi waya wolimba kapena malamba achitsulo okwiriridwa mizere ingapo ya njerwa pansi, zomwe zimaliteteza ku mphepo ya mkuntho ya kumayambiriro kwa dzinja. Bolodi la simenti lomatidwa pakhoma, lomwe lili m'makalasi ambiri, ndi chitsanzo chabwino cha chinthu chosafuna pulagi n'komwe.

Kugula mapulagi

Si mapulagi onse apulasitiki omwe ndi a nayiloni. Ambiri otsika mtengo amapangidwa ndi mapulasitiki ofewa kapena obwezerezedwa, omwe amang'ambika sikuluwu ikamalowa ndipo amafooka msanga pakatentha. Pali njira yapafupi yoyesera: nayiloni ndi wolemera kuposa madzi, kotero pulagi ya nayiloni ikaviikidwa m'kapu ya madzi n'kutulutsidwa mpweya imamira, pomwe ya mapulasitiki opepuka imayandama. Kumira pakokha sikutsimikiza kuti pulagiyo ndi yabwino, chifukwa mapulasitiki ena nawonso amamira, koma yoyandama ndiye kuti si ya nayiloni.

Pulagi yabwino imapindika popanda kuthyoka, mano ake amaoneka bwino ndipo nambala yake imawerengeka. Pulasitiki yemwe wakhala padzuwa miyezi yambiri amauma n'kuyamba kuphwanyika, choncho mapulagi oyalidwa pamtetete pa tsiku la msika afunika kuunikidwa bwino. Paketi yosonyeza dzina la wopanga, muyezo wa biti ndi wa sikuluwu imapereka poyambira ngati pabuka dandaulo, ndipo nkhani za katundu wosafika pa muyezo zimapita ku bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. M'mabafa, m'makhitchini ndi panja, masikuluwu akhale osachita dzimbiri, popeza sikuluwu ikadyeka pulagi imatsala yopanda ntchito.

Udindo wa oyang'anira ntchito

Kuchokera pomwe lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zidakhazikitsidwa m'chaka cha 1998, ntchito zambiri zomanga ndi kukonza nyumba za boma kumidzi zimadutsa m'manja mwa khonsolo, makomiti ogula katundu, makomiti a sukulu ndi a zipatala. Ambiri mwa anthu amenewa si amisiri, koma ndi omwe amalemba zofunika kugula ndi kusaina kuti ntchito yatha.

Poyamba, chikalata chofotokoza ntchito chisamangoti katundu amangiriridwe kukhoma. Chitchule mtundu wa khoma, mtundu ndi nambala ya pulagi kapena bawuti, kutalika kwa sikuluwu ndi chiwerengero cha malo omangirira. Chikalata chikakhala chete pa izi, kontirakitala amakhala ndi ufulu wogula chotsika mtengo kwambiri ndipo palibe pomugwirira.

Kachiwiri, pa nyumba yakale yomwe makoma ake sakudziwika bwino, mmisiri ayambe waboola malo amodzi osaonekera n'kuyesa pulagi imodzi ntchito yonse isanayambe. Mphindi zochepa zimenezi zimasonyeza ngati khomalo ndi lolimba, lamphako kapena loyoyoka.

Kachitatu, poyendera ntchito yomwe yatha, kuona ndi maso kokha sikukwanira. Shelefu, sinki ndi bokosi lililonse ligwedezedwe ndi manja. Fumbi lotsika pansi pa sikuluwu, ming'alu yozungulira bowo, mpata pakati pa chitsulo ndi khoma kapena mutu wa pulagi wotuluka kunja ndi zizindikiro zakuti ntchito siidayende bwino. Woyendera ali ndi ufulu wopempha kuti sikuluwu imodzi kapena ziwiri zimasulidwe kuti aone kutalika kwake. Mapangano ambiri a zomangamanga amasunga gawo la malipiro kwa miyezi ingapo ntchito itatha, pofuna kuti zolakwika zikonzedwe ndi kontirakitala mwini. Nthawiyo ikadutsa, ndalama zokonzera zimachoka m'thumba la sukulu, chipatala kapena khonsolo.

Nyumba ikayamba kugwira ntchito, udindo umatsala ndi mphunzitsi wamkulu, woyang'anira chipatala kapena mkulu wa ofesi. Katundu wolemera aziikidwa pa mashelefu a pansi ndi kufupi ndi khoma. Chinthu chikayamba kugwedera chitsitsidwe tsiku lomwelo, chifukwa pulagi yomwe yayamba kuzuka siibwereranso yokha, ndipo zengerezu adalinda kwawukwawu.

Luso lofunika pa ntchitoyi silili kutali. Sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College imaphunzitsa zomangamanga ndi ukalipentala m'dera lomweli, ndipo bungwe la Teveta, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a amisiri m'dziko muno. Komiti yolemba mmisiri ingamufunse mafunso atatu asanayambe ntchito: khomali ndi la mtundu wanji, chinthuchi chidzalemera bwanji chikadzadza, ndipo chingagwere ndani chitazuka. Mmisiri woyankha bwino mafunsowa ndiye woyenera kupatsidwa makina oboolera.